Zaka Ziwiri za Estele

Mdzukulu wanga Estele anabwera kuchokera kusukulu Lachitatu masana, n'kuponya chikwama pakhonde pamene ndinali kukonza tcheni cha njinga.

"Andichotsa m'timu, Sekuru. Akuti ndine gogo."

"Wanena ndani?"

"Kaundula wa sukulu. Akuti ndinabadwa 1973."

Timu yawo ya atsikana ya kuno ku Chiwaridzo inali itapambana masewera atatu a chipulula, aja oti mukagonja kamodzi muzibwerera kwanu, ndipo Loweruka inali yoti ikasewere fainolo ya basiketibolo ya chigawo chonse. Masewera amenewa ine sindinawamvetsepo. Ana khumi kulimbirana mpira kuti auponye m'dengu lopanda pansi, ukagwa n'kuyambanso kulimbirana. Koma chaka chonse cha 1991 m'nyumba muno simunakambidwe nkhani ina. Tsopano mphunzitsi wa sukulu ya mishoni imene ankakakumana nayo anali ataona msinkhu wa Estele, n'kukadandaula kwa akuluakulu a mpikisano. Mpikisanowo unali wa ana osapitirira zaka 17, kaundula n'kumati iye ali ndi 18.

Wolakwa ndinali ine. Estele anabadwa mu Okutobala 1975. Mayi ake, mwana wanga Rozina, anamusiya kwa ife kukomboni ya mgodi n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Harare. Mkazi wanga Eliness atamwalira mu 1980, panalibe wotsala ndi mwana ine ndikalowa pansi. Januwale wotsatira ndinamugwira dzanja kupita naye kusukulu. Masiku amenewo ana ambiri a ife Amalawi analibe pepala lobadwira, choncho aphunzitsi ankaimika ana pamzere, aliyense adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wogwira alowe, wolephera akayambe wakula. Estele, wa zaka zisanu, anagwira khutu lonse, zala n'kutsalako. Mphunzitsi anandifunsa ngati ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinavomera. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati wochenjera.

"Ticha Kenias, kochi wathu, akuti pakufunika pepala lolembedwa kale, osati lolemba lero," anatero Estele. "Akuti ngakhale kalata ya ubatizo. Yanga ija chiswe chinadya m'bokosi, eti?"

"Chinadya."

"Ndiye kwatsala buku la kutchalitchi."

Tonse awiri tinayang'ana tcheni. Buku la ubatizo la mpingo wathu amasunga ndi a Chikaipa, mlembi wa mpingo.

Eliness ankaphika mowa wa masese kukomboni, ndipo mpingo unamudula. Tsiku la maliro ake a Chikaipa anabwera m'mawa, anaima pampanda osalowa, n'kulengeza kuti munthu wodulidwa saimbiridwa nyimbo. Amayi a mpingo amene anali atavala kale zoyera anabwerera kukavula. Tinamuika m'manda chete, kumangomveka mafosholo. Mkulu yemweyo ankabwera kuseri kwa nyumba yathu Loweruka lililonse, chigubu chili m'thumba la jekete. Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso kutchalitchi, ndipo ndikakumana ndi a Chikaipa pamsewu ndinkayang'ana nyerere mpaka adutse.

"Musapiteko," anatero Estele. "Sindikufuna kuti mupite."

Vuto la mwana ameneyu ndi kuwerenga kwambiri. Pakhoma la kubedi kwake anamata zithunzi za omenyera ufulu zimene anadula m'nyuzipepala, ena a kuno, ena a mayiko amene sindinawamvepo, andevu ndi zisoti zopendekeka. Pambali pawo anaika anthu akuda aataliatali a ku Amerika, akulendewera pa dengu. Yesu wa pakalendala yakale, amene ndinamusiya chifukwa anapachika ndi agogo ake, anamusunthira pakona pafupi ndi msomali wa thaulo.

Lachinayi tikudya, anasiya chakudya n'kundiloza ndi chala.

"Ndaganiza, Sekuru. Gamba, ngwazi yeniyeni, ndi munthu wokana. Onse aja ali pakhoma paja anakana china chake. Inu mwakana zaka khumi ndi chimodzi. M'nyumba muno gamba ndinu."

"Nthawi ya nkhondo ya ufulu ine ndinali pansi, kuboola miyala ya mzungu. Makomuredi, omenyera ufulu akowo, ankati ndife agalu a mzungu, mzungu ankati tikudyetsa makomuredi. Nkhondo itatha onse awiri anagwirizana kuti ndife alendo, n'kulemba zomwezo pa chitupa changa. Usandimate pakhoma."

"Mwadzimva? Mukulankhula ndendende ngati iwo aja!"

"Ndikulankhula ngati munthu wa fumbi m'chifuwa. Idya."

Sanadye. Anati za Mulungunso sakuzimvetsa. Timu yawo imapemphera isanayambe kusewera, a mishoni amapempheranso, ndipo a mishoniwo ali ndi sisitere wowatsogolera.

"Akapambana akuti ndi Mulungu. Ife tikagonja, Netsai, kapiteni wathu, akuti Mulungu ali ndi cholinga. Ndiye kuti Iyeyo sagonja ayi. Nanga amene sanagonjepo angadziwe chiyani za fainolo?"

"Kamufunse wekha. Ine ndi Iye sitilankhulana."

"Amene simulankhula nawo ndi a Chikaipa, Sekuru. Mulungu mwangomuphatikizamo."

Ndinamuuza kuti akatsuke mbale.

Anandiuzanso kawiri tsiku limenelo kuti ndisapite, kuti munthu ayenera kufera mfundo zake. Koma Lachisanu m'mawa, iye atapita kusukulu, ndinapeza nsapato zake zosewerera zitachapidwa, zitapakidwa choko, zili padenga kuuma. Zingwe anachapa padera n'kuziyanika pawaya. Kodi munthu amene wasiya zosewera amachapa zingwe? Ndinaima pansi pa nsapatozo nthawi yaitali ndikutukwana chamumtima. Ndinatukwana mphunzitsi wa mishoni, mphunzitsi wa makutu uja, chiswe, ndi amene anayambitsa dengu lopanda pansi. Kenako ndinapopa njinga.

A Chikaipa ankakhala ndi mpongozi wawo m'kanyumba ka malata chakufupi ndi Kitsiyatota, kumene anthu amakumba maenje kusaka golide wotsala. Ndinawapeza ali pampando padzuwa. Maso onse awiri anali atachita ng'ala.

"Ndani?"

"Gideoni."

"A Gideoni a Eliness! Ambuye ndi wamkulu! Mayi, bweretsani mpando, kwabwera mkulu."

Ndinafotokoza chimene ndinabwerera, mwachidule, ndikuyang'ana nkhuku. Anatuma mpongozi kuti akatulutse buku pansi pa bedi. Linabwera lili m'thumba la feteleza, iwo n'kuliika pamiyendo, manja onse awiri pamwamba.

"Mayi uja Eliness," anatero. "Maliro ake ndimawakumbukabe. Ndinalalikira tsiku lija mpaka mawu kutha. Amayi anaimba kuchokera kunyumba mpaka kumanda, anthu kulira ngakhale osamudziwa. Mukukumbuka, a Gideoni?"

Ndinayang'ana pakamwa pawo. Ndinayang'ana manja aja ali pa buku. Mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi anali okonzeka, koma ndinadziwa kuti ndikawatulutsa buku libwerera pansi pa bedi.

"Eya," ndinatero.

Anachotsa manja. Sukulu yanga inathera Sitandade 3, koma manambala ndimawadziwa. Ndinatsegula masamba onunkha utsi mpaka chaka cha 1976. Estele, mwana wa Rozina Gideoni, wobadwa pa 9 Okutobala 1975, wobatizidwa pa 11 Januwale 1976. Pa malo a mboni panali dzina la Eliness ndi kamtanda kokhota kamene anajambula yekha. Ndinatseka msanga.

"Ndibweza mawa madzulo," ndinatero.

"Aa, ayi. Buku silichoka popanda mlembi."

Choncho Loweruka m'mawa ine, munthu wa chifuwa chobooka, ndinapalasa njinga kuchokera ku Kitsiyatota kupita kutauni, a Chikaipa ali pakaliyala, atavala suti yakuda, buku lili pachifuwa. Njira yonse sanatseke pakamwa. Anandiuza mmene anabisira makomuredi asanu m'tchalitchi nthawi ya nkhondo. Titafika pachitunda makomurediwo anali atakwana khumi ndi awiri. Ine ndinali komweko kukomboni zaka zonsezo, ndipo chimene ndinaona chitabisidwa m'tchalitchi muja ndi matumba a chimanga a abusa basi. Ndinatsika n'kuyamba kukankha.

"Mwakalamba, a Gideoni," anatero ali pakaliyala.

Bwalo linali la simenti, ana a sukulu atadzaza mbali zonse, ng'oma, fumbi. Pamthunzi panali tebulo la akuluakulu atatu a mpikisano. Ticha Kenias anatithamangira, thukuta lili kamukamu.

"Sekuru, mwapeza? Kwatsala mphindi makumi awiri!"

Estele anali kumbuyo kwake, atavala yunifolomu ya masewera, nsapato zili m'manja.

Mphunzitsi wa mishoni sanakhulupirire buku. Pamenepo ndinamulemekeza pang'ono, chifukwa inenso sindikanalikhulupirira. Anawerenga dzina la pamwamba pa Estele ndi la pansi pake, anayerekeza inki, anakweza tsamba padzuwa kuti aone ngati wina anafufuta, mpaka analinunkhiza. Nthawi yonseyi a Chikaipa anali ataimirira, akulankhula Chishona chawo chothyokathyoka, kuti buku limeneli linadutsa pa zipata za asilikali lili m'malaya mwawo, kuti dzanja lawo silinalembepo bodza. Akuluakulu aja ananong'onezana. Wapakati anafunsa chifukwa chimene sukulu inalembera 1973.

"Anagwira khutu," ndinatero.

Mkuluyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati iyenso analowa sukulu ndi khutu. Analemba pa pepala, anadinda, n'kuuza Estele kuti avale nsapato.

Atsikana anakuwa. Anathamangira a Chikaipa, kuwazungulira, kuvina, kuimba kuti gamba, gamba. Ticha Kenias anawapezera mpando pamthunzi pafupi ndi akuluakulu, wina n'kuwagulira chakumwa chozizira. Ine anandipatsa buku kuti ndigwire, poti a Chikaipa manja anali otanganidwa ndi kupereka moni. Ndinaima padzuwa, dzanja lina njinga, lina thumba la feteleza.

Estele anagwada pafupi ndi ine n'kuyamba kumanga zingwe, osandiyang'ana.

"Ndinati musapite."

"Manga nsapato."

"Anakupepesani?"

"Manga inayo."

"Ndiye tsopano sindikudziwanso kuti gamba ndi chiyani. Mwandisokoneza zonse, Sekuru."

"Ukaganize ukamaliza. Akukudikira anzako."

Analowa m'bwalo. Matimu onse awiri anaima m'magulu kupemphera, ndipo ndinaona Estele atatseka diso limodzi, linalo likuyeza msinkhu wa mtsikana wa mishoni. Wezulo inalira, mpira unaponyedwa m'mwamba.

Pepala linali litadindidwa, masewera atayamba, panalibenso amene akanamutulutsa mwana. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinapita pampando wa a Chikaipa, ndinawaikira buku lawo pamiyendo, n'kuwerama mpaka pakhutu pawo.

"Simunalalikire pa maliro a Eliness. Munaima pampanda. Munabweza amayi kuti akavule zoyera. Panalibe nyimbo ngakhale imodzi, ndipo mowa wake munkamwa."

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena akuwa kuti anthu amve. Anapukuta botolo ndi chala, maso oyera aja ali kubwalo kumene sankaona kanthu.

"Ndikudziwa, a Gideoni."

"Mukudziwa?"

"Maliro amenewo ndawalalikira kambirimbiri ndili ndekha. Dzulo mutati eya, ndinagona bwino koyamba."

"Ndiye lero musagone."

"Chabwino," anatero. "Koma mundibweza kunyumba, eti?"

Nthawi yomweyo bwalo lonse linaphulika. Ng'oma, nthungululu, ana kudumpha mpaka fumbi kuphimba tebulo la akuluakulu. A Chikaipa anandigwira mkono.

"Waponya ndani? Ndi wathu?"

"Sindinaone."

"Nanga maso muli nawo ndi a ntchito yanji?"

Nditawongoka ndinaona Estele akuthamanga chobwerera m'mbuyo, dzanja lili m'mwamba, akundifunafuna pa njinga paja. Atandipeza anakuwa kufunsa ngati ndaona. Zaka zonsezi ndakhala ndikumva za dengu limeneli m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku loyamba kubwera kudzaonera, mpira unalowa ine nditawerama pakhutu la a Chikaipa.

"Ponyanso!" ndinakuwa. "Ponya lina!"

Ndinachotsa dzanja la mkuluyo pamkono panga, ndinakankha ana awiri a mishoni, n'kukaima pamzere penipeni, pamene woimbira anandiuza kawiri kuti ndisunthe. Kumbuyo a Chikaipa anali kuitana dzina langa kuti ndibwere ndidzawauze zigoli.