Fungo la Mawaya Opsa

"Tsegulaninso, mlamu! Muli waya akupsa mmenemu," anatero dalaivala wa basi ya ana a sukulu, ataima pakhomo la galaja.

Mlamu wakeyo, makaniko, anaweramira injini nanunkhiza ngati galu wosaka. Sanamve kanthu. Mabuleki, kilatchi, batire, zonse anali ataziona kale.

"Mphuno yanuyi yakalamba kuposa basi," anamuseka.

Dalaivalayo sizinamuseketse. Mphuno yake inali isanamunamizepo. Kilatchi yopsa ankaidziwa utsi usanaoneke. Koma masiku amenewa fungolo linkangomugwera mwadzidzidzi, kenako chizungulire, mseru n'kukwera kukhosi. Ankaimika basi, kutsitsa ana, kufufuza, osapeza kanthu.

Apa n'kuti mkazi wa dalaivalayo, mlongo wa makaniko uja, akufika ndi chakudya chamasana.

"Achimwene, basiyo ilibe mlandu," anatero mayiyo. "Dzulo bambo awa amanunkhiza kuseri kwa kabati, ati mawaya akupsa. Nyumba yopanda ndi magetsi omwe! Kenako anangoti duu, kumangotafuna pakamwa popanda kanthu. Kuwaitana, osayankha."

"Ine? Liti?" anafunsa dalaivala. Zoonadi sankakumbukira.

Makaniko anaika sipanala pansi, chidwi chitamugwira. "Ndiye kuti waya wopsayo mukuyenda naye ndinu! Chakudza sichiimba ng'oma, mlamu. Galaja yanu ndi chipatala."

Dokotala anamvetsera bwinobwino, namuunika m'mphuno ndi m'makutu.

"Fungo limene ena sakulimva limayamba ndi zambiri," anafotokoza. "Chimfine chokhalitsa, mutu waching'alang'ala, mankhwala ena, ngakhale kuvulala m'mutu. Koma kungoti duu osakumbukirako kukundiganizitsa za mtundu wina wa khunyu, wosagwetsa munthu pansi. Mankhwala alipo, koma tiyeze kaye. Mumagwira ntchito yanji?"

Bodza linali pafupi, palilime penipeni. Akanati ndi mlonda, ndani akanadziwa? Koma anaona m'maganizo basi ikutsika chitunda, iye atangoti duu pachiwongolero, ana akuimba kumbuyo.

"Ndimanyamula ana a sukulu," anatero chapansipansi.

"Ndiye chiwongolero muchisiye kaye, bambo."

Mtima unamuwawa, pakuti ntchito ina sankaidziwa. M'mawa mwake anapereka makiyi kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo madzulo basi inanyamuka ndi dalaivala wina. Ana anatulutsa mitu pamawindo: "Ankolo, simukwera?"

Anawabayibitsa, naima pageti mpaka basi itakhota bwinobwino. Kenako anauyamba wapansi.