Timabowo ta M'bushi

Nellie anatsika kabaza pa parishi Loweruka m'mawa, mtima uli m'mwamba. Bambo ake, a Bernard, anali atayendetsa makina oswera mtedza a parishiyo, cha ku Kabudula, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tsopano mota inali itapsa mtedza uli mbwee, ndipo komiti inati iweruza mawa lake Misa ikatha. Akapezeka olakwa, ntchito yatha, nyumba ya mishoni atulukemonso, ndipo kumudzi analibe ngakhale ndime imodzi.

Chinagwira shafti, chitsulo chozungulira cha makinawo, mpaka kupsetsa mota chinali bushi, kamphete ka mkuwa kongolowa chala. Nellie amagwira ntchito mu labu yoyeza zitsulo mumzinda, ndiye timphete totere amatidziwa. Satisungunula ayi. Amatsindira ufa wa chitsulo m'chikombole n'kuuotcha, ndipo mkati mumatsala timabowo tosaoneka ndi maso, tosunga mafuta.

"Ikakhala yopanda timabowo, bushiyi ndi yabodza, wolakwa ndi wogulitsa," anawafotokozera pakhonde. "Koma tikapezekamo, ndiye kuti mafutawo anachotsa ndi munthu."

A Bernard anayang'ana kumbali. Paukhondo bambowa analibe mnzawo, khasu lomwe amalitsuka asanaliimike. Anaulula okha, mawu ali pansi, kuti bushi yatsopanoyo anaiviika m'parafini masiku awiri kuti litsiro la kusitolo lichoke. Nellie anangoti kukamwa yasa. Parafini amakoka mafuta onse.

Nellie anadula kachidutswa ka bushiyo ndi kasowo, n'kukakwirira m'guluu wouma ngati mwala kuti kagwirike. Guluuyo atauma masana, anayala sandipepala pagalasi la windo lakale, n'kuyamba kukhula akuthira madzi, wokhakhala poyamba, kenako wosalala, uku akutembenuza kachidutswako kuti mizere ifufutike. Zala zinachita dzanzi. Kenako analumikiza kamaikulosikopu kake ku foni.

Chitsulo chinaoneka see, popanda bowo n'limodzi lomwe.

"Mulibe, eti?" anafunsa a Bernard atasuzumira. Anavula chipewa. "Ambuye andimva, mwanawe."

Nellie anafuna kulira. Amadziwa kuti sandipepala amakoka mkuwa wofewa n'kumata timabowo, monga mayi amatsekera ming'alu pozira pansi. Aliyense wobwera kumene mu labu amapusitsidwa pomwepa. Akanatha kusiyira pamenepo. Komiti ya alimi a fodya ikanadziwa chiyani za mkuwa? Koma chipwirikiti chikanagwera wogulitsa bushiyo wa pa Nsaru, munthu wa ana ake nayenso. Ndipo mwina, mwina, bushiyo inali yabodzadi. Chiyembekezo chimenecho ndi chomwe chinamupatsa mphamvu.

"Sindinamalize, bambo," anatero.

Anatambasula kansalu kopukutira, n'kufinyirapo phala la dayamondi losalalitsira zitsulo lomwe anabwereka kuntchito. Anapukuta pang'onopang'ono osatsindira, kutsuka, kuyang'ana, kupukutanso, pakamwa akung'ung'udza Tikuoneni Maria ngati nkhalamba. Ulendo wachitatu panaoneka kadontho kakuda. Wachisanu tinali titatseguka ponseponse, timabowo tabwinobwino, touma gwa. Bushiyo inali yeniyeni.

A Bernard anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Kodi sungabwezere momwe zinalili poyamba?" anafunsa. Munthu amene sananamepo ngakhale kwa wapolisi wa pamsewu.

"Zikhoza kutheka," Nellie anayankha, misozi ikutsika. "Mukandiuza kuti nditero, nditero."

Mawuwo anawabaya. Anayang'ana mwana wawo, amene anamuphunzitsa ndi thukuta la makina omwewo, ali wokonzeka kuwononga dzina lake chifukwa cha iwo. Anaimirira, n'kumasula makiyi a shedi omwe amamangirira palamba.

"Kawauze amayi ako ayambe kulongedza," anatero. "Ine ndikupita kwa abambo mfumu. Kuli bwino amve kwa ine."