Mabotolo a M'galaja ya a Constance

Loweruka m'mawa amayi awiri a mvano, a Ennie ndi a Chawezi, anatsika sitima ku Byker, ku England, atanyamula zikolopa, sopo ndi kaphukusi ka nsomba. Ankapita kwa a Constance, namwino wa mumpingo mwawo, amene chizungulire chinali chitawagoneka pansi kuyambira nyengo ya Pasaka. Madokotala anayeza magazi, mutu ndi mtima, osapeza kanthu. Tsono amayi anachita monga timachitira kwathu: mnzanu akadwala mumakamusesera, mumamuchapira, kenako mumagwada naye.

A Constance anawatsegulira chitseko n'kubwerera kukagona m'chipinda cha pamwamba, mankhwala atawalemetsa zikope. Mwana wawo Taonga, amene ankaphunzira za m'nyanja ku yunivesite, anali atatuluka m'mamawa.

Amayiwo anakolopa khitchini akung'ung'udza nyimbo ya chitsitsimutso. Atamaliza, a Ennie anapita ku galaja kukaika nsomba zija mu firiji yakale. Anatsegula, anayang'ana, anatsekanso msanga.

"A Chawezi, tabwerani kuno. Musakuwe."

Mu firijimo munali mabotolo asanu ndi limodzi, lililonse litakulungidwa ndi nsalu yakuda ndi kumangidwa pakhosi. A Ennie anamasula limodzi ndi nsonga za zala. Munali madzi ozizira kwambiri, ndipo m'madzimo munalenjekeka tinthu tonga njere za mpunga, tofiirira pang'ono, tosagwedezeka n'komwe.

"Yesu wanga," ananong'ona a Chawezi. "Ndi chiyani chimenechi?"

"Izi ine ndinazionapo ku Ntcheu. Achimwene anga anadwala chimodzimodzi, achipatala osaona kanthu. Tinakafukula botolo pakhomo penipeni."

"Koma kuno ku England, a Ennie?"

"Mukuganiza kuti mdani amadikira viza?"

A Chawezi anayang'ana kumasitepe. "Tiwadzutse eni nyumba tiwafunse."

"Munthu wa chizungulire mumuonetse zimenezi? Mukufuna agwe pamasitepe? Ayi, tichotse ife. Adzamva akachira."

Anatulutsa mabotolo onse n'kuwandandalika padzuwa kuseri kwa nyumba. Nsalu zakudazo anaziviika mu bulichi. Anagwirana manja napemphera ndi mtima wonse, misozi ili m'maso, pakuti ankamukonda mnzawoyo. Kenako a Ennie anayamba kukhuthula mabotolo m'ngalande, a Chawezi akutsatiza madzi otentha a m'ketulo. Mabotolo anayi anapita. A Ennie anali atagwira lachisanu pamene kageti kakuseri kanatseguka, Taonga n'kulowa atakumbatira matumba a madzi oundana.

Matumbawo anagwa pansi.

"Anti! Siyani! Ikani pansi!"

Mtsikanayo anali asanakwezepo mawu kwa munthu wamkulu. Anathamangira pangalande n'kugwada, dzanja n'kulilowetsa m'madzi a nthunziwo ngati angatolemo kanthu.

"Mwana wanga, usakhudze," anatero a Ennie. "Sukudziwa zimene anthu anakuikirani m'nyumba."

"Ndinaika ndine! Ndi sukulu yanga imeneyi!"

Amayiwo anayang'anana.

Taonga ankalankhula mawu akudukaduka. Chaka chatha anakwera sitima ya pamadzi kupita kumpoto kwenikweni, kunyanja ya madzi oundana, kumene dzuwa limalowa osatulukanso kwa miyezi. Kumeneko anavuula tinyamati kuchokera pansi pakuya. Tsono Lachisanu ladzuloli chipinda chozizira cha ku labu ya ku yunivesite chinawonongeka, ndipo aphunzitsi ake, a Joan, analola kuti aliyense asunge zake kunyumba mpaka akonze. Digiri yake yonse inali m'mabotolo amenewo.

"Koma ndi takufa," anatero a Chawezi motsitsa. "Taona wekha, sitikugwedezeka."

"Si takufa ayi, anti. Tili mtulo. Dzuwa likakhalapo timadya ndere pamwamba pa nyanja mpaka kudzaza mafuta m'thupi. Mdima ukayandikira timamira pansi, n'kugona nyengo yonse yozizira osadya kanthu. Kuwala kukabwerera timakwera kukaswana. Ine ndikufufuza chimene chimatidzutsa. N'chifukwa chake ndinakulunga, kuti tisaone kuwala."

Anatulutsa foni, nailozetsa pa botolo lachisanu lija, n'kukulitsa chithunzi. "Onani."

A Ennie anawerama. Kanthu kamene ankakayesa njere kanali ndi thupi loonekera mkati ngati galasi, tinyanga tiwiri titalitali, ndi kathumba ka mafuta konyezimira pakati. Akuyang'ana choncho, tinyangato tinagwedezeka. Kanyamako kanadumpha. Kenako kena, ndi kenanso.

A Ennie anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa.

"Tayamba kudzuka," anatero Taonga. "Tikadzuka nthawi isanakwane timatha mafuta, basi timafa."

Pomwepo zenera la pamwamba linatseguka, a Constance n'kusuzumira, tulo tili m'maso.

"A Ennie, ndinaiwala kukuuzani. Mabotolo a mwanayo ali mu firiji ya m'galaja, musawakhudze."

A Constance anaona mabotolo anayi ali gadagada pa udzu, ndi mwana wawo atagwada pangalande. Anagwira mphuthu ya zenera ndi manja onse awiri.

A Ennie anakhala pansi pa simenti. Iwo ankadziwa kuti Mulungu amadyetsa mbalame ndi kuveka maluwa. Koma kuti pansi pa nyanja yamdima, kumene kulibe diso la munthu, amagoneka tinthu totere atatipatsiratu kamba wa ulendo, n'kudzatidzutsa pa nthawi yake, izi anali asanazimvepo. Ndipo iwo anali atatithira madzi owira, dzina la Ambuye lili pakamwa.

"Ndapha," anatero. "Ndapha ndikupemphera."

Taonga sanawamve, anali pa foni ndi a Joan. Atadula anati, "Akuti kuli chipinda china chozizira kunyumba ya azamankhwala ku yunivesite, akukatsegula. Ndipite nawo awiri otsalawa pompano. Nsalu zanga zili kuti?"

A Chawezi analoza beseni la bulichi, osakweza maso.

A Ennie anadzuka, anamasula duku kumutu kwawo, nakulunga botolo limodzi. A Chawezi anavula juzi nakulunga linalo. Anawaika m'chidebe pakati pa madzi oundana aja, n'kuitana takisi. A Chawezi anatsala ndi wodwala. Njira yonse a Ennie anafungatira chidebecho pamiyendo, madzi ozizira akuwanyowetsa siketi, ndipo woyendetsa akagunda bampu ankamudzudzula ngati wanyamula khanda.

Ku yunivesite sanawalole kulowa m'chipindamo. Anakhala pa benchi m'khonde, mutu uli pambalambanda, imvi zili poyera, ophunzira akudutsa. Anayesa kupemphera koma mawu sanabwere.

Patapita nthawi Taonga anatuluka, maso atafiira.

"Botolo limodzi lili bwino, tinyama take tikadali mtulo. Lija munatsegula lija tadzuka tonse."

"Ndiye limodzilo likwanira?"

"Ayi. Likwanira kuti asandichotse. Koma kumaliza chaka chino ndiye kwalephereka. Ndidikira sitima ikadzapitanso, ngati adzandipatse malo."

A Ennie anatsetsereka pa benchipo n'kugwada pansi, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi pamaso pa mwana amene anamunyamulapo paubatizo.

"Taonga, ndakulakwira. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Anti, imirirani. Anthu akuona."

"Aone."

Taonga anawerama. Kenako anawagwira m'khwapa n'kuwakweza, nawapatsa duku lawo lonyowa.

"Valani. Tiyeni tikawauze amayi, ine ndekha sindingathe."