Pemphero la Kuchipinda la Mayi Nofezile

Mayi Nofezile anali pakati posita diresi lawo labuluu pamene Nontobeko, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, analowa kukhitchini osagogoda, kawailesi kali m'manja. Linali Loweruka m'mawa. Masana ake mwana wawo wamwamuna Siseko amaonetsa kanema wake watsopano mu holo ya m'dera lawo la KwaZakhele, ndipo diresilo amasitira kumeneko.

Nontobeko anati Siseko wangotha kumene kulankhula pa wailesi, ndipo waika kachidutswa ka kanemayo kuti anthu alawe.

"Ndinu, asisi. Mawu anu enieni. Mumapemphera."

Mayi Nofezile anaseka, nati makutu a Nontobeko ayamba kukalamba. M'kanemamo iwo anangoyanika zovala ndi kusankha nyemba, mwana wawo akuwafunsa za kale. Za pemphero munalibe.

"Ine ndingasokoneze mawu anu, mawu omwe amatukwana nkhuku zanga tsiku ndi tsiku? Munati, 'Atate, ndabweranso ndi nkhani ya mwana wanga uja.' Pomwepo anadula. Akuti zotsalazo tikamvere ku holo."

Kukhitchini kunamveka fungo la nsalu yopserera. Nontobeko anawalanda simbi mwakachetechete, naimika pambali, nazula chingwe pakhoma.

Mawuwo anali awo ndithu. Pemphero lililonse lokhudza Siseko ankaliyamba choncho. Kupemphera chamumtima sankakutha, chifukwa maganizo ankathawira ku mapoto ndi ku mawondo awo opweteka, choncho ankatseka chitseko cha kuchipinda n'kumalankhula mokweza ngati Mulungu wakhala pa mpando wa pafupi ndi bedi. Koma mapempherowo anali ambiri, a zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo anali owawa. Analipo amene ananena zinthu zoti mwana sayenera kumva kuchokera pakamwa pa mayi wake. Limene lalowa m'kanema ndi liti? Ndipo linalowamo bwanji, chitseko chili chotseka?

Anavala diresi lina losasita, nakakwera minibasi.

Ntchito ya mwana wawo sanaimvetsepo bwinobwino. Siseko anayamba ndi kamera yobwereka, kujambula maukwati ndi maliro a m'dera lawo, ndipo pamenepo zinkamveka: anthu amafuna kudziona atavala bwino. Kenako anayamba kujambula anthu amene ena safuna kuwaona, amuna okondana ndi amuna anzawo, atsikana othamangitsidwa pakhomo, nkhalamba zovina magule amene ana aleka. Mnzake wina ataphedwa kuseri kwa malo omwera mowa, Siseko anayenda patsogolo pa chigulu cha anthu mpaka kupolisi, kamera ili paphewa. Holo ija itatsala pang'ono kusanduka malo osungira matayala, iye ndiye anachita khama mpaka inasanduka malo ophunzitsira achinyamata kujambula ndi kuvina. Anthu akunja anamupatsa zikho, ndipo mayi Nofezile ankazipukuta fumbi osadziwa bwino kuti n'za chiyani. Kumsonkhano wa amayi a mvano Lachinayi, ena ankawayamikira kuti mwana wawo watchuka, ena ankawagwira dzanja nthawi yaitali ngati ofedwa. Onsewo ankawayankha kuti zikomo.

Ndiyeno panali Tumelo, mnyamata wa ku Bloemfontein amene Siseko ankakhala naye nyumba imodzi. Iyeyu ntchito yake inali yojambula mawu.

Anamupeza Tumelo yemweyo pakhomo pa holo akutsitsa mipando. Atawaona nkhope, anaika mipando pansi, nawagwira pachigongono pokwera masitepe, monga ankachitira nthawi zonse, osawakoka, kungowayembekezera mwendo ndi mwendo. M'katimo achinyamata ankapachika mabulangete m'mawindo kuti mude. Siseko anali pa tebulo la kumbuyo, wawerama pa kompyuta.

"Mama, mwafulumiratu. Mukufuna mutilande mpando wa kutsogolo?"

Anamufunsa za pa wailesi. Kumwetulira kwa Siseko kunatha, ndipo anayang'ana Tumelo. Tumelo anayang'ana kudenga.

Tumelo ndiye anafotokoza. Tsiku lomwe ankajambula zoyanika zovala lija, anawamata kamaikolofoni pakolala ya bulauzi. Atatha kujambula, iye anaiwala kukachotsa, iwonso anaiwala kuti kalipo. Analowa kuchipinda, natseka chitseko. Iye anali panja akukulunga zingwe, zomvera zidakali m'makutu, ndipo atangomva mawu akuti "Atate" anazivula msanga n'kuziika pa udzu. Koma makina sanawazimitse. Pa ntchito yawo anazolowera kuti makina sazimitsidwa wotsogolera kanema asananene, ndipo dzanja lake silinaganize n'komwe. Patapita masabata Siseko anawapeza mawuwo akusanja zojambulazo.

"Ndinamuuza kuti akufunseni, Mama. Tinakangana mpaka ndinakagona pa sofa."

Siseko anati anayesa kangapo kuwauza, koma akafika pakhomo ankapeza amuphikira, mawu n'kumuthawa. Anati iwo omwe anamuuza kuti ajambule chilichonse chimene akufuna. Kenako analankhula mothamanga, ngati mmene amalankhulira pa wailesi: kuti kanema yense waima pa pemphero limenelo, kuti m'dera lino muli amayi ambiri amene akulimbana ndi zomwezo paokha, kuti kuli ana amene akugona m'makhonde a masitolo m'tauni chifukwa palibe anawauzapo makolo awo kuti n'zotheka kusamvetsa koma osathamangitsa mwana.

"Ndinanena chiyani?" anafunsa mayi Nofezile.

"Simukukumbuka?"

"Iwe umakumbuka zimene unadya Lachiwiri la chaka chatha? Ndinanena chiyani?"

Tumelo anawakokera mpando, napukuta zomvera zija ndi malaya ake, nawaveka mosamala kuti asawasokoneze duku. Pa kompyuta panaoneka chitseko chawo chobiriwira, chotseka, kalendala ya kutchalitchi ikulendewera pa msomali. Anamva bedi likulira, wina akupumira m'mwamba pogwada. Anachedwa kuzindikira kuti winayo ndi iwo.

"Atate, ndabweranso ndi nkhani ya mwana wanga uja. Kale ndinkakupemphani kuti mumusinthe. Simunamusinthe. Ndinakupemphani kuti mumuchotse mnyamata wa ku Bloemfontein uja, abwerere kwawo. Simunamuchotse, ndipo lero ndiye amandiwenga zikhadabo za kumapazi poti sinditha kuwerama. Tsopano chopempha sindikuchidziwa. Abusa akuti ndi tchimo. Ine ndikawaona awiriwa kukhitchini, wina akutsuka mbale wina akupukuta, ndimalifunafuna tchimolo osalipeza pamene lili, ndiye ndimaopa kuti mwina maso angawa ndiwo awonongeka. Ngati ndasochera, ndibwezeni. Ngati sindinasochere, ndiuzeni kuti mwana wa eniyu ndizimuitana kuti chiyani. Koma anthu asandiphere anawa, Atate. Onse awiri. Zinazo tidzakambirana."

Kenako kunamveka kumina, ndi bedi likuliranso.

Anavula zomverazo, nazigwira pamiyendo. Silinali limodzi la mapemphero owawa aja, ndipo anayembekezera kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Anamva ngati munthu amene wauzidwa kuti katani ya kubafa yakhala ikuonekera mkati chaka chonse. Sanathe kumuyang'ana Tumelo, amene tsopano ankadziwa kuti anamupemphererapo kuti achoke.

Tumelo anagwada pambali pa mpando wawo. "Musadandaule za ine, Mama. Ndimangothokoza kuti mapemphero anu ena amakanidwa."

Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

Siseko anali ataima, manja ali m'thumba, akudikira. Mayi Nofezile anamuyang'ana, naona ndevu zimene zayamba imvi, ndipo anadabwa kuti zinayamba liti. Zimene ananena za amayi ena zija mwina zinali zoona. Iwo ankawadziwa amayiwo ndi mayina, ena ankakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Koma ankadziwanso kuti mawa akagwada kuchipinda adzayamba kupapasa kolala, ndipo munthu amene akupapasa kolala sapemphera.

"Mwina ukunena zoona," anatero. "Ine za makanema sindidziwa. Koma ndinatseka chitseko, Siseko. Sindinkalankhula ndi iwe."

Iye anati nthawi yatha, anthu ayamba kufika, ndipo walonjeza kale pa wailesi. Anafunsa ngati akumuuza kuti achotse.

Iwo anati sakumuuza kanthu. Sanawafunse potenga, asawafunse pobweza. Anaimirira, nakakhala pa mzere wachitatu.

Holo inadzaza. Kunabwera achinyamata a tsitsi lopaka mitundu, azibambo a m'makomiti, ndi amayi a mvano amene Siseko anawaitana yekha ndi pakamwa pake. Nontobeko anakhala pambali pawo, nawapatsira switi ya chifuwa osawayang'ana. Mayi Nofezile anayesa kupemphera chamumtima, koma sanadziwe choti apemphe, ndipo maganizo anathawira ku mpando wa kutsogolo kwawo. Pamenepo panakhala mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene mwana wake wamkazi anachoka pakhomo zaka zapitazo, dzina lake osatchulidwanso. Mayiyo anabwera yekha, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Magetsi anazima. Anaona Siseko ali mwana pa chithunzi chakale, kenako maliro a mnzake uja, anthu akuimba mumsewu. Anadziona okha akuyanika zovala, mphepo ikuwalanda shiti, ndipo holo yonse inaseka. Anadziona akulowa m'nyumba. Kenako chitseko chobiriwira chija chinadzaza chinsalu chonse.

Anagwira dzanja la Nontobeko.

Sikunamveke kanthu. Chitseko chinangokhala pamenepo, kalendala ili pa msomali, ndipo chimene chinkamveka ndi mphepo pa malata a holo. Anthu anadikira. Wina anatsokomola. Kumbuyo mnyamata wina anakuwa kuti Tumelo wagona pa ntchito, wina nati mwina waponda chingwe, anthu n'kuseka. Mayi wina anafunsa mokweza kuti pemphero la pa wailesi lija lili kuti.

Mtima wa mayi Nofezile unakhala pansi. Koma pomwepo anaona mayi wa kutsogolo uja atasendera kunsonga kwa mpando, khosi atalitambasula, akudikira mawu amene sakubwera, ndipo sanadziwenso ngati chimene chachitikachi n'chabwino kapena ayi. Akanatha kumugwira paphewa. Akanamuuza chiyani? Dzanja linakwera pang'ono, n'kubwerera pamiyendo.

Chithunzi chinaima. Siseko anayenda kuchokera kumbuyo, nakaima kutsogolo, kuwala kwa makina kukumumenya kumaso, chitseko chija chikuoneka pa malaya ake oyera. Maikolofoni imene wina anamupatsira anaikana. Anati makina sanawonongeke, ndipo Tumelo amusiye. Anati pamalo pamenepa panali mawu a mayi ake akupemphera kuchipinda kwawo, mawu amene anajambulidwa mwangozi, iwo osadziwa. Iye atawapeza anawasunga, anawamvetsera kambirimbiri, anamangirapo kanema wake, ndipo m'mawa uno anawaulutsa pa wailesi. Anati zaka zonsezi wakhala akuphunzitsa ana a mu holo muno kuti munthu sajambulidwa asanavomere.

Anaika dzanja pamphumi kutchinga kuwala, akuwafunafuna m'mizere. Atawapeza, mawu ake anatsika, moti a kumbuyo anachita kusendera kuti amve.

"Mama, ndinamvetsera zimene sizinali zanga, ndipo ndinafuna kuzigawira anthu. Chiyambi chake chapita kale, sindingachibweze. Ndakulakwirani. Ndikhululukireni, Mama."