Mitambo ya M'kompyuta ya Zaina

Chaka chomwe anthu a ku Ulongwe ankagonera mango owiritsa, Zaina anabwera kutchuthi kuchokera kunja ndi kompyuta yosafuna kuzimitsidwa. Ankaphunzira za injini zamagetsi zokankha masetilaiti mumlengalenga. M'kati mwa injinizo mumayenda mpweya woyaka ndi magetsi, wotchedwa pulazima, umene umavunduka mosamvera munthu. Ntchito ya Zaina inali kujambula kuvundukako ndi masamu, kuti injini isamataye mphamvu pachabe.

Tsiku lina anaisiya kompyutayo ikugwira ntchito pakhonde, italumikizidwa kubatire ya sola, iye n'kupita ku Balaka kukasaka netiweki. Bambo ake, Che Hamadi, anasuzumira. Pagalasi pankazungulira zobiriwira ndi zofiira, ndendende zija amaonetsa pa TV polosera zanyengo. Mkuluyo sanafunse munthu, pakuti kufunsa sikunali khalidwe lake.

Zaina atangotsika pakabaza, mayi ake, a Lukiya, anamuchingamira manja ali kumutu.

"Bambo ako ali kumunda ndi chitini chija! Akuti makina ako aona mvula. Auza kale anzawo onse kumzikiti."

 M'chitinicho munali mbewu yomaliza ya chimanga, imene mayi anaiteteza kumphika njala yonseyi. Kuikwirira m'fumbi lotentha kunali kungodyetsa chiswe ndi mbewa. Zaina anavula nsapato n'kuliyatsa liwiro.

Anawapeza bambo ake atabzala kale mizere ingapo, akuimba, anzawo awiri akuonerera mwansanje.

"Ababa, imani! Ija si mitambo iyayi. Ndi m'mimba mwa injini. Kukula kwake ngati kapoto ka tiyi!"

Che Hamadi anayang'ana kumwamba, komwe kunali mbee, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Ndiye chimkuntho chonse chija chili m'kapoto?"

"M'kapoto, Ababa."

 Mkuluyo anaphulika kuseka mpaka chisoti kugwa, ndipo anzawo aja anaseka koposa, poti zitini zawo zinali zisanatsegulidwe. Zaina anagwada n'kuyamba kufukula phando loyamba ndi zala. Onse anagwada naye. Mayi atafika anawapeza akupalasa dothi ngati nkhuku, ndipo njere iliyonse ikapezeka ankailulutira.

Dzuwa lisanapendeke chitini chinali chitadzazanso. Zaina anasangalala mpaka misozi.

"Tandiuza, mwanangu," anatero Che Hamadi akupukuta thukuta, "kainjini kakoko kamakankha mwamphamvu bwanji?"

Zaina anatapa timbewu pang'ono n'kuwathira padzanja.

"Ngati kulemera kwa izi basi. Koma sikaleka, miyezi ndi miyezi, mpaka setilaiti ifike komwe ikupita."

Mkuluyo anayeza timbewuto padzanja kwa nthawi, osaseka. Kenaka anatibwezera m'chitini kamodzikamodzi, natseka mwamphamvu, n'kuchipereka kwa akazi awo.

"Sungani inuyo, mayi a Zaina. Pang'onopang'ono, nafenso tikafika ku nyengo ya mvula."