Dzina Lobwereka

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite anatuluka Lachinayi masana, ine ndili ku dimba kuthamangitsa mbalame mu mpunga. Amalume aTobias, amene kale anali kalaliki ku Zomba ndipo mpaka lero amavala tayi ngakhale popita ku chigayo, anatulukira pa njinga kuchokera ku Songani, foni ili m'manja. Anandionetsa mzere umodzi pakati pa mayina ambirimbiri: Janeth Mateyo, maphunziro a udokotala, Blantyre. Pa anthu masauzande amene analimbirana malo amenewo anatengapo ochepa, oti sangadzaze n'komwe tchalitchi cha pa mishoni. Ndinakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira, mbalame zikudya mpunga mwaufulu.

Koma ine dzina langa ndine Tawina Lackson. Janeth Mateyo anali mwana wa mayi anga aakulu, aAnnie, ndipo panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi chimuikireni m'manda.

Zinayenda motere. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 koyamba ndinakhoza, koma sanandisankhe. M'mudzi aliyense ankati wobwereza samuyang'ana kawiri posankha, kaya zinali zoona kaya ayi, ndipo mankhwala ake anali odziwika: kubwereza ndi dzina lina. Ena ankatenga la agogo awo, ena la mng'ono wawo woti akadakwawa. Chaka chimenecho Janeth, amene anali pambuyo panga ndi kalasi imodzi, anadwala malungo pa tchuthi n'kutisiya, dzina lake likadali m'kaundula wa sukulu. Mphunzitsi wina anawanong'oneza amayi, amayi anakapempha kwa akulu awo, ndipo mayi aakulu, misozi isanaume, anangogwedeza mutu. Ine palibe anandifunsa.

Dzinalo linandiyanja, zimenezo sindingakane. Linanditengera ku sekondale yogonera komweko, ndipo linakhoza Fomu 4 ndi mapointi asanu ndi awiri. M'mudzi anthu anayamba kunditchula Janeth mwanthabwala, kenako anazolowera. Amayi okha ndi amene sanalitchulepo. Pa tsiku loyendera ana ku sukulu ankaima pa geti n'kuuza mlonda kuti awaitanire mtsikana wamtali wa ku Domasi uja. Ndikafika ankandikokera pambali n'kunong'ona kuti Tawina, ngati akundipatsira chakudya chozembetsa.

Lamulungu abusa analengeza m'tchalitchi kuti mpingo wabala dokotala. Amayi a Mvano analulutira mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinayang'ana pa benchi ya mayi aakulu. Anali phee, manja pa miyendo, akumva dzina la mwana wawo likuomberedwa m'manja m'nyumba yomweyo imene analiimbira nyimbo za maliro.

Kalata yondiitana inafika sabata yotsatira. Inati pokalembetsa ndikaonetse chitupa cha unzika, dzina lake lofanana ndi la pa satifiketi, pasanathe milungu itatu. Chitupa ndinalibe. Ndinkachizemba dala chikwanitsireni zaka zake, poti sindinkadziwa kuti ndikalembetsa ndani.

Amalume anavala magalasi n'kutiyalira njira ziwiri. Yoyamba, nditenge chitupa cha Tawina, ndikaulule zonse kwa akuluakulu a mayeso, ndipemphe kuti asinthe dzina pa satifiketi. Mwina akanamvetsa, mwina akanandilanda zonse. Amalumewo sankadziwa kuti zikanatha bwanji, ndipo kukafunsa kunali kudziulula komweko. Yachiwiri, nditenge chitupa cha Janeth. Koma chimenecho si cha mayeso okha ayi. Ndi cha ntchito, cha ukwati, cha ana anga, mpaka tsiku la maliro anga. Ndiponso pa fomu pamafunika dzina la mayi wobereka, chitupa chawo ndi siginecha yawo, ndipo mayi wa Janeth Mateyo si amayi anga. Potsiriza amalume anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ngati kuti iwo kunalibe tsiku limene ankakabwereka.

Tinapita kwa mayi aakulu ine ndi amayi. Pakhonde panali matumba a simenti atafunditsidwa pulasitiki. Tonse tinkadziwa ntchito yake. Chimwalirire amuna awo, mayi aakulu anakhala akulima okha mpunga kuti adzamange chiliza cha mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo mmisiri anali atauzidwa kale kuti ayambe anthu akamaliza kukolola. Tinawapeza akupeta. Amayi anagwada, nafotokoza mozungulira ngati munthu wodzapempha mchere. Lichero linaima.

"Ndikasaina kuti Janeth ndi uyu, ndiye kumanda kuja ndinaika ndani?" anafunsa mayi aakulu.

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Nanga pa chiliza ndilembe chiyani, achemwali? Janeth wina akuunika odwala ku Blantyre, wina ali pansi pa simenti, onse mayi wake ine, tsiku lobadwa limodzi?"

Anapitiriza kupeta, ife tinatsanzika.

Panjira ndinawakalipira amayi koyamba m'moyo mwanga. Ndinati iwo ndi amene anandiveka chovala cha wakufa, ndipo tsopano chakana kuvuka. Ndinati ndingosiya zonse. Amayi sanakweze mawu. Anangondifunsa ngati ndikufuna kudzakalamba ndikuthamangitsa mbalame ndi mapointi seveni m'thumba. Ndinakwiyira aliyense: mphunzitsi uja, amalume ndi tayi yawo, ngakhale Janeth amene, pondisiyira dzina labwino chonchi. Kenako ndinachita manyazi, chifukwa tinkagona pa mphasa imodzi ndipo ndiye anandiphunzitsa kusambira mu mtsinje wa Domasi.

Masiku anayenda. Ndikapita ku mjigo akuti adokotala mwadzuka bwanji, ku Songani akundionetsa zotupa za ana awo. Ine ndinali nditagwira njakata. Kupita kwa mayi aakulu kachiwiri sindikanatha, kubweza malo sindikanatha, ndipo kalendala ya pakhoma inali yosamva chisoni.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi, m'mawa tikusesa pabwalo, mayi aakulu anatulukira atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, chitupa atachimanga m'kampango. Sanakhale pansi. Anati mmisiri amuuza kuti pa chiliza aike mtanda wokha, posalemba kanthu, poti mwini manda amawadziwa. Kenako anati tifulumire, minibasi sidikira munthu.

Kuchokera pa Domasi mpaka ku Zomba tinakhala mpando umodzi, ine pakati pa amayi awiriwo, amalume ali pa mpando wakumbuyo. Ku ofesi ya zitupa tinaima pa mzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Kalaliki anali mayi wachitsikana wotopa, wosadzutsa mutu pa kompyuta. Anafunsa dzina, ndinati Janeth Mateyo. Anafunsa tsiku lobadwa, ndinatchula la Janeth. Anafunsa mayi wobereka. Mayi aakulu anamasula kampango, napereka chitupa, nasaina pang'onopang'ono. Atamaliza anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna nkhope ina m'kati mwa yangayi.

Kunatsala mboni. Kalaliki anadzutsa mutu n'kuyang'ana amayi.

"Nanga inu ndinu ndani wake?"

Ndinkaganiza kuti anena kuti mnansi, kapena aitana amalume amene anali panja. Amayi anakonza mpango wawo wa kumutu, ngakhale sunali wopendekeka.

"Ndine mayi ake aang'ono."

Anasaina. Kalaliki anadinda chidindo n'kutiuza kuti tidikire pa benchi. Patapita nthawi, bambo wojambula zithunzi anasuzumira pakhomo n'kuitana dzina lija kawiri. Ine ndinakhalabe pa benchi. Amayi anandikonza kolala ya bulauzi, nandipukuta thukuta pachipumi ndi nsonga ya chitenje chawo, monga ankachitira ndili wamng'ono. Ndinayembekeza kuti andinong'oneza langa lija, ngakhale kamodzi kokha.

"Pita, Janeth," anatero amayi. "Akukuitana."