Mfundo ya Loweruka

Melvin anaiona ndodo yowedzera itatsamira nkhokwe, chingwe chake chitakulungidwa mwachisawawa, ndipo anayang'ana kumbali. Anadzaisiya pamenepo ndi anthu amene anavuula mtembo wa bambo ake, a Jailosi, m'dziwe la mtsinje wa Mwanza. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro, koma palibe amene anaikhudza.

"Imeneyo ilowe m'gulu la katundu wogawana mawa," anatero a Timoti, mng'ono wa malemu, akuiloza ndi chibwano. "Koma ine ndikufuna kumva. Munthu wosaona bwino, m'madzi analowamo kukatani?"

A Liness, mayi a Melvin, anapitiriza kusankha nyemba palichero.

"Amene anali kutsidya akuti chingwe chinaduka, achimwene n'kutsatira nsomba, n'kuterereka. Anawamangira ndani chingwe chimenecho?" anapitiriza a Timoti.

Ndodoyo a Jailosi anabwera nayo kuchokera ku Joni akuyendetsa thiraki. Chingwe chake n'choluka, choterera, ndipo kunsonga amalumikizako nayiloni wosaoneka m'madzi, wonyamula mbedza. Polumikizapo ndiye pamagona nkhani: kuzunguliza kambirimbiri, kunyowetsa ndi malovu, kukoka mpaka zala kuwawa. Ng'ala itawagwira m'maso, ntchitoyo anaisiyira Melvin. Loweruka lililonse m'mawa ankachoka kumalire, kumene amaombola katundu wa anthu, kudzamanga mfundoyo ku Kanduku. Loweruka lomaliza anamanga foni ili pakhutu, dalaivala wina akumukalipira za mapepala. Sananyowetse. Kukoka komwe sakukumbuka ngati anakoka.

"Ndinamanga ndine, bambo aang'ono."

"Ehee."

"Alamu, musiyeni mwanayu," anatero a Liness osadzutsa mutu.

"Sindikumuweruza, mlamu. Koma abale kumudzi akandifunsa. Ndikawauze chiyani?"

Melvin anadzuka. Ankadziwa chimene akapeze: mfundo ikamasuka, nsonga ya chingwe imatsala yopotana ngati mchira wa nkhumba. Anaitenga ndodoyo, nayamba kumasula chingwe. Chinali chidakali ndi matope ouma. Chinamukola pabatani la malaya kawiri. A Timoti anasendera pafupi, akupumira paphewa pake.

Mfundo inalipo, yolimba gwa. Nayiloni anadukira kumunsi, pafupi ndi pamene panali mbedza, atapalika ndi mwala.

Melvin anapuma, koma mpweyawo unamuthera panjira. Anaibweretsa mfundoyo pafupi ndi maso. Mizere yake inagona mothinana, yolowera kumanzere, ndipo kansonga kotsala kanali kootchedwa ndi machesi. Iye sanamangepo chonchi chibadwire.

"Si yanga iyi," anatero.

"Ukutanthauza chiyani? Si wanena wekha kuti unamanga ndiwe?"

"Ndinamanga, inde. Koma iyi si yanga."

A Liness anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka polishi kadzimbiri. Anakatsegula ndi chikhadabo, nakaika pamwendo pa mwana wawo. Munali timfundo tambirimbiri, kalikonse kodulidwa uku ndi uku, tina tofutukuka, tina topindika.

"Zako zimenezi," anatero. "Bambo ako akafika kumtsinje ankadula yako n'kumanga yawo, mongopapasa ndi zala. Ankati ndisakuuze. Amvekere, akadziwa asiya kubwera Loweruka."

A Timoti anatsokomola, nabwerera pampando pawo.

Melvin anavundula timfundoto ndi chala.

A Liness anamasula nsonga ya chitenje chawo, pamene anamangapo kanthu kakang'ono.

"Iyi, yako ya Loweruka lomaliza, ndinaipeza m'thumba la malaya amene anawavuula nawo," anatero. "Sanafike nayo kunyumba."

Anaiponya m'chitinimo pamodzi ndi zinzake, natseka.